Nthambi Yaiwisi pa Mphambano

1.

Uli pamphambano.

Njira ina yapita kumanja, ina kumanzere, ina yazembera kuseri kwa wosula zitsulo kumene kukuthetheka moto wobiriwira. M'manja mwako muli kutentha. Uyenera kukafika nako kusanazizire, zimenezo ukuzidziwa, koma kumene uyenera kukafikako kwakuthawa m'mutu.

Yang'ana pansi.

Nthambi. Yaiwisi. Yagona chopingasa panjira ya kumanja. Ina yagona panjira ya kuseri.

Wina wadutsa pano.

2.

Dziko limeneli ndinaliumba ndine, Ndaziona, pa laputopu yosweka pakona, m'chipinda cha lendi ku Lilongwe. Ndi gemu, masewero a pakompyuta. Tinaitcha Mphambano. Wosewera amakhala mlendo amene wapala moto paphale, ndipo ayenera kukaufikitsa kumudzi kumene moto wonse unazima. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Tilipo awiri. Ine ndimaumba mapiri, mitsinje ndi anthu ake. Mlongo wanga Tadeyo, wondiponda pamutu, amakonza za m'njira: pamene pabisale chilombo, pamene pakhale chitseko. Iye ali ku Bangwe, amakhala ndi adadi chimwalirire amayi. Gemuyo imakhala pa intaneti, aliyense amalowa ndi kiyi wake, ndipo chimene wina wasintha mnzake amachipeza akatsegula.

Magemu oterewa alipo a mitundu iwiri. Ena amakuyendetsa ngati ng'ombe yolowa m'dibi, mpanda uku, mpanda uku, iwe kutsogolo basi. Ena amakutsegulira dziko lonse n'kukuuza kuti pita kumene mtima wako wafuna, ukasochera ndi zako. Ine ndine wa mtundu wachiwiriwu. Tade anavomera. Anavomera ndi pakamwa pake, ine ndilipo, makutu anga ali bwinobwino.

3.

Zimene ndinaika m'dzikomo:

phiri losunga mvula m'mbiya
mtsinje wobwerera kumtunda ukakwiya
msika umene amagulitsako mithunzi ya anthu
chigayo cha ziwanda zoyera
chitsime choyankha mafunso ndi mabodza
wosula zitsulo wosaonetsa nkhope
nkhalango imene sindinaimalize, koma ukhoza kulowamo ndithu

Zimene sindinaikemo:

nthambi.

Ndinaipeza Lachiwiri m'mawa, tiyi ali m'manja, panjira yokwera ku phiri la mvula. Kanthambi ka mtengo wa kesha, masamba obiriwira, timaluwa tachikasu, kojambulidwa mosamala kuposa mmene Tade amajambulira zinthu. Ndinayendetsa mlendo wanga kuti akalumphe. Anagunda mphepo. Ndinayesa kulambalala. Mphepo yomweyo, khoma losaoneka. Phiri limene ndinaliumba mpaka maso kufiira linali apo, likuoneka, koma losafikika.

Wina wadutsa pano.

4.

Ndinamuimbira.

Tade, nthambi ija ndi ya chiyani?

Nthambi iti, achemwali?

Usandiyankhe ngati wagwidwa ndi apolisi. Ya panjira ya ku phiri.

Oo, ija. Ndikungoyesa kanthu.

Kanthu kanji?

Kanthu basi. Ndidzachotsa.

Liti?

Netiweki ikuvuta kuno, achemwali, sindikukumvani.

Netiweki ya ku Bangwe ili ndi nzeru. Imadikira funso lovuta kuti iduke. Mnyamata ameneyu ndinamubereka kumsana, ndinamupukuta mamina, ndimadziwa mmene mawu ake amapyapyalira akamanama. Tsiku limenelo anapyapyala.

5.

Uli pachitsime.

Azimayi aima pamzere ndi zidebe. Akukutchula dzina, akukufunsa mmene wadzukira. Dzinalo likumveka ngati malaya obwereka, koma ukuvomera kuti asakhumudwe. Mmodzi akuloza chala, akuti pitani uko. Wina akuseka, akuti ayi, uko. Usawakhulupirire. Anthu a pano amadziwa za iwe zimene iwe sukuzidziwa, ndipo zimenezo si zabwino.

Kutentha kukadalipo m'manja.

Yang'ana pansi.

Nthambi. Yaiwisi.

6.

Gemu yathu imasunga mapazi. Aliyense akayenda m'dzikomo amasiya mzere wofiira pamapu, kuti tizidziwa pamene anthu akukodwa. Wanga ndimaudziwa, umathamangira ku nkhalango. Wa Tade ndimaudziwa, umayenda ngati wa munthu wowerenga mita ya madzi, nyumba ndi nyumba.

Ndinapeza wachitatu.

Wopanda dzina. Amalowa m'mawa uliwonse ndi kiyi wa Tade. Salimbana ndi chilombo chilichonse. Chuma chimene ndinabisa m'mapanga sachitola, amachidutsa ngati ndowe. Amayenda pang'onopang'ono, ndipo akafika pamphambano amaima. Amatembenuka. Amaimanso. Nthawi zina amaima mpaka moto wa paphale kuzima, gemu kutha, iye ali chiimire.

Munthu wofuna kusangalala sasewera choncho. Amene amasewera choncho ndi wogula, uja amapapasa nthiti za mbuzi asanatchule mtengo. Ndinakhala pamenepo tiyi kuzizira, ndipo ndinamva kuwawa kumene sindinakumvepo chimwalirire amayi. Mlongo wanga akundiyenda pansi.

7.

Amene ndikuwakayikira:

kampani ya kunja ija Tade anaitchulapo kamodzi, yofuna timagemu ta pafoni ta njira imodzi, tosewera munthu ali pamzere ku banki
mnzake wa kukoleji uja wovala jekete ngakhale mu Okutobala
chibwenzi cha Tade, ngati ali nacho, ndipo ngati ali nacho bwanji sanandiuze
Tade yemweyo, akuyeseza kusewera ngati mzungu kuti aone mmene akagulitsire

Amene sindikuwakayikira:

palibe.

8.

Kale, amayi ali moyo. Pakhonde ku Bangwe, dzuwa la Lamlungu. Ife awiri tikukangana za gemu imene inali isanabadwe, ili papepala chabe.

Tade akuti, moto umazima, achemwali. Munthu wonyamula moto sayendayenda. Mpatseni njira imodzi, nkhani ithamange, afike kumapeto akulira.

Ine ndikuti, ndiye ungomulembera buku.

Adadi ali pampando wawo, akupukuta nsapato zimene sapita nazo kulikonse. A Kachingwe, oyendetsa malole, amene anapuma ntchito koma mapewa awo sanapume. Sanadzutse mutu.

Ine ndayendetsa lole kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, anatero, sindinatsitsepo galasi kufunsa munthu njira. Msiyeni asochere ameneyo. Akasochera kawiri, dzikolo likhala lake.

Wamva? ndinamuuza Tade. Khoti lalikulu lagamula.

Amayi anaseka m'khitchini. Tade anakweza manja, nati, chabwino, tsegulani dziko lanulo.

9.

Ndinaimbira adadi. Foni yawo anayankha ndi Tade, ngati mlembi wa bwana, kenako anawapatsa.

Adadi, mwadzuka bwanji?

Ndadzuka, mayi.

Ndine Nda.

Ee, ee, Nda. Ubwera liti? Iwe umangobwera kudzapala moto, tisanakuone nkhope wanyamuka.

Ntchito, adadi. Kodi kukumabwera alendo kumeneko? Anthu odzaona kompyuta ya Tade?



Kenako kunong'ona. Ndinakumva bwinobwino, mawu a Tade pafupi ndi khutu lawo.

Kulibe alendo, mayi, adadi anatero. Tili bwino tonse.

Kunong'ona.

Ndadya kale, anateronso, ngakhale sindinawafunse.

Ndinadula foni. Mpaka bambo athu amene, wawaika m'thumba. Akuwauza zonena.

10.

Nthambi zinachuluka ngati bowa wa mvula yoyamba, panjira ya ku mtsinje, panjira ya ku nkhalango, pakhomo lililonse la phanga, ndipo sanalekere pomwepo, anayamba kusuntha zinthu, ananyamula chigayo cha ziwanda kuchichotsa kuchigwa kumene ndinachimanga n'kuchiika pafupi ndi msika, anakoka chitsime n'kuchiika patsogolo pa chigayo, wosula zitsulo amene ndinamubisa kuseri kwa mapiri kuti omupeza akhale olimba mtima okha anamukhazika pambali pa njira ngati wogulitsa tomato, msika chigayo chitsime wosula mudzi, msika chigayo chitsime wosula mudzi, dziko langa lonse lija lasanduka dibi, ndipo mzere wachitatu uja unayamba kuyenda bwino, osaimanso, tsiku ndi tsiku kukafika kumudzi moto ukadali woyaka, wogula wakhutira

Ndinachotsa nthambi imodzi. Ya pa wosula zitsulo. Kiyi ndili nayenso.

M'mawa mwake mzere wachitatu unafika pamenepo n'kuima. Unazungulira pamalo amodzi mpaka kusanduka kadontho kofiira ngati chilonda.

Masana Tade anaimba yekha. Netiweki inali bwino kwambiri.

Achemwali, musadzachotsenso.

Ukundilamula?

Ndikukupemphani. Musadzachotsenso.

Wogula wako wakwiya?

Wogula wanji?

Ndinadula.

11.

Uli pachigayo.

Chikubangula. Pakhomo pake patuluka chamoyo choyera kuyambira tsitsi mpaka zala, maso okha akuda. Chakweza dzanja. Chikukupatsa moni mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene ukukuopsa.

Usathamange. Ukathamanga adziwa.

Njira ziwiri. Zonse ukuzidziwa. Zonse sukuzidziwa.

Yang'ana pansi.

Wina wadutsa pano.

12.

Ndaziona anakwera basi ya m'mawa, ulendo wa ku Bangwe. Mtsikana wa magalasi, mpando wa pawindo, chikwama pamiyendo ngati mwana wodwala. M'chikwamamo munali dziko lonse mmene linalili nthambi zisanabwere, losungidwa pa kafulashi.

Pa Dedza anakonza mawu oyamba. Pa Ntcheu anawanola. Pofika pa Zalewa anali atagamula kale mlandu: amuuza Tade pamaso pa adadi kuti gemuyi ndi yake, asintha kiyi, aliyense ayende yake. Akafuna kugulitsa dibi lakelo akagulitse, koma popanda phiri, popanda mtsinje, popanda dzina la mlongo wake.

Mayi wokhala naye pampando anamupatsa nthochi. Iye anakana. Sanadziwe kuti nthochiyo ikufuna chiyani.

13.

Ndinatsika minibasi kumunsi kwa msika, dzuwa lili pamutu. Njira ya kwathu ndi ya mapazi, imakhotakhota pakati pa mipanda ya anthu. Nditangodutsa chigayo, pamene njira imagawikana, ndinaima.

Nthambi. Yaiwisi. Ya kesha, timaluwa tachikasu. Yeniyeni, pafumbi lenileni.

Usaponde, mwanangu.

Anali aNangondo, ogulitsa makala, amene akhala pansi pa mtengo womwewo chibadwire ine. Anandikodola ndi chala chakuda.

Wabwera liti? Wachita bwino kubwera. Zimenezo zayamba mwezi watha. M'mawa uliwonse zatsopano, pano, pa kiyosiki ya madzi, pa owotcherera paja. Ana tikuwauza kuti azilambalala. Mwana wa aNasibeko anaponda, mwendo unatupa.

Akuika ndani?

Anayang'ana uku ndi uku. Anatsitsa mawu mpaka kutsala mpweya wokha.

Ine sindinaone kanthu. Koma amene amalawira ku madzi akuti ndi mnyamata wa kwanu. Akuti amathyola, n'kuika, n'kuima kaye kuyang'ana ngati akuyankhula nazo. Za makompyutazi, mwanangu, anthu akufuna kulemera msanga. Amakhwimira ngakhale abale awo. Taona bambo ako mmene akuyendera masiku ano, ngati munthu wochotsedwa kanthu.

14.

Ndine munthu wa sukulu. Za mankhwala sindizikhulupirira.

Ndinalambalala.

Pa kiyosiki ya madzi panali ina. Azimayi a pamzere anasiya kuyankhula nditafika. Ndinalambalalanso, khungu la kumsana likuyenda lokha.

Pa owotcherera zitsulo, pamene njira zimakumana zitatu, panali ziwiri. Ina panjira ya kumanja, ina panjira yozembera kuseri kwa shedi. Wowotcherera anali chiweramire, nkhope yobisika m'chigoba chake, moto wobiriwira ukuthetheka. Ndinayang'ana kumbuyo kumene ndachokera. Msika, chigayo, chitsime, wosula.

Apa mantha anatha, unatsala ukali wokhawokha. Sanangotseka dziko langa. Walisandutsa Bangwe, watenga phiri la mvula n'kulisinthanitsa ndi kiyosiki, ndipo akuchita miyambo yake masana anthu akuona, dzina la banja lathu lili m'kamwa mwa ogulitsa makala.

Ndinatola nthambi zonse ziwiri ndi manja angawa. Ndinaziponya m'ngalande. Ndinapukuta manja pa siketi, n'kupitiriza ulendo.

15.

Chitseko chinali chotsegula. Sindinanene odi, ndi kwathu.

Tade anali pansi, akuchapa m'beseni. Wawonda. Ndevu zosameta. Pakhoma, pa kabati, pa chitseko cha kuchimbudzi panali timapepala tolembedwa zilembo zikuluzikulu, koma sindinatiwerenge, ndinali ndi mawu anga okonza kale.

Achemwali. Bwanji osanena kuti mukubwera?

Kuti ubise?

Ndibise chiyani?

Adadi ali kuti? Ndikufuna amve.

Apita kumsika. Abwera posachedwa, nthawi yawo yakwana.

Ndinakhala pampando wawo. Ndinayamba ndi mawu aja ndinakonza pa Dedza. Ndinanena za phiri, za mzere wachitatu, za kunong'ona pafoni, za kampani, za jekete. Ndinanena nthawi yaitali, ndipo iye sanandidule. Anangogwira chimene ankachapacho, madzi akudontha. Linali buluku la adadi, la m'kati.

Ndiye pano wayamba za mankhwala, ndinamaliza. Bangwe yonse ikukunena. Koma zako zija za pa owotcherera ndataya m'ngalande, ukapangenso zina.

Bulukulo linagwera m'beseni.

Mwataya liti?

16.

Tadeyo, akuvala nsapato, chingwe chikukana kulowa:

wosewera wachitatu ndi adadi achemwali ndi adadi, zinayamba chaka chatha anapita kukameta n'kukapezeka ku Limbe atakhala pa sitolo ya mmwenye sakudziwa kuti abwera bwanji, kuchipatala anati ndi matenda oiwala sachira koma musawatsekere m'nyumba muziwapatsa chochita, iwo anandigwira dzanja nati usamuuze Nda mwana uja amandiona ngati munthu wosasochera msiye azindiona choncho, ndinalumbira, kutuluka panja anayamba kuopa ndiye ndinawapatsa gemu kuti aziyendako m'menemo koma dziko lanu lija linkawaliza achemwali ankafika pamphambano n'kuima misozi ili mbwembwembwe, tsiku lina anandifunsa kuti kodi amene watsogola sanatseke bwanji, ndinati kutseka chiyani, anati kwathu ku Ntcheu tikamayenda ulendo wa anthu ambiri wotsogola akafika pamphambano amathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka panjira yosayenera kuti obwera m'mbuyo asalowere kumeneko, dzina langa amaliiwala koma zimenezo sanaiwale, ndinaika nthambi mu gemu anadutsa, ndinakonza njira ifanane ndi ya kumsika kuti azolowere, kenako ndinaika zenizeni, mwezi wonse uno akupita okha n'kubwera okha ngati munthu, ngati bambo

Anaimirira.

Pa owotcherera njira ya kumanja imakathera ku msewu waukulu. Ya kuseri imatsikira kukhwawa.

17.

Pamphambano panalibe munthu.

Wowotcherera anakweza chigoba chake. Madala aja? Ndinawaona ataima apa. Ndinaweramanso, podzuka palibe.

Tade analoza kumanja. Ine uku. Inu kuseri.

Ndinathamanga, njira inagawika pawiri ndinasankha, inagawikanso ndinasankhanso, kuseri kwa bafa la maudzu kunatuluka ina, pakati pa nyumba ziwiri ina yopyapyala yongokwana munthu mmodzi, ina yokwera ina yotsika ina yothera pa mpanda wa galu, Bangwe imene ndinakuliramo inatseguka mbali zonse ngati ilibe mapeto, mwawaonako bambo aatali ovala chipewa cha bulauni, ayi, mwawaonako, mwina uko, ayi uko, aliyense akuloza kwake, ndipo njira iliyonse imene ndinasiya inkandiitana kumbuyo kuti ali kuno ali kuno, pita kumene mtima wako wafuna, ndi mawu angawo, ndinawalemba ndekha pachiyambi pa gemu ndi zilembo zagolide, ukasochera ndi zako

Mantha.

Sindinadziwe kuti dziko lotseguka limalemera chonchi.

18.

Kumunsi kwenikweni, pamene nyumba zimathera ndipo fumbi limasanduka miyala ya khwawa, njira inagawika komaliza. Ina imatsata m'mphepete mwa phompho. Ina imabwerera kumtunda.

Adadi anali pamenepo.

Chiimire. Chipewa chili bwinobwino, nsapato zopukuta. Manja onse awiri atafumbata kanthu pachifuwa. Sankayang'ana phompho, sankayang'ana kumwamba.

Ankayang'ana pansi.

19.

Uli pamphambano.

Wadutsa chigayo, anyamata oyera ndi ufa anakupatsa moni. Wadutsa azimayi a pa madzi. Pa wowotcherera zitsulo pansi panalibe kanthu, ndipo unaima, unadikira, kenako miyendo inasankha yokha. Tsopano uli pano. M'manja mwako muli zimanga zowotcha, ziwiri, zokulunga m'makoko ake. Kutentha kukuchepa.

Kukubwera mayi wina akuthamanga. Wa magalasi. Akupuma movutika, akukutchula kuti adadi. Anthu a pano amatero, amakutchula maina. Vomera kuti asakhumudwe.

Pepani mayi, ukutero. Amene watsogola sanatseke. Ndikudikira mwina abwerera.

 

Ndagulira ana, ukumuonetsa. Chopsererachi ndi cha wamkulu, Nda. Amakonda chopserera. Akaweruka kusukulu achipeze chikadali chofunda.

Mayiyo wavula magalasi. Akupukuta nkhope ndi mkono, akupukutanso. Kenako wataya chikwama chake pafumbi, wakwera pa chulu, wagwira mtengo wa kesha. Sadziwa kuthyola, akupotokola, khungwa likumusupula zala. Yathyoka. Waigoneka chopingasa panjira ya kuphompho, waikonza kuti igone bwino.

Nthambi. Yaiwisi.

Chifuwa chako chamasuka.

Ine nditsogola, mayiyo akutero. Muzibwera m'mbuyo mwanga pang'onopang'ono. Ndizitseka.

Akuyenda. Pamphambano iliyonse akuima, akuthyola, akugoneka, akucheuka kuona ngati ukubwera. Ukubwera. Wina wadutsa pano, ndipo ukumuona msana.

Ndinu mwana wa yani, mayi? ukumufunsa pokwera chitunda. Anakulerani bwino.

Waima. Sakutembenuka.

Wa a Kachingwe, akutero. Oyendetsa malole.

Oo, ukutero, ndipo ukumwetulira, chifukwa dzinalo lakukhala bwino m'makutu. Ndimawadziwa amene aja. Sasochera.